Wezulo ya a Mulewa ndi Chisuweni cha a Dorika

Uthenga woti a Mulewa atisiya unandipeza mumsika waukulu wa Zomba ndikusankha tomato. Anandiuza ndi mayi wina amene ankasewera basiketibolo ali mtsikana, pano ali ndi ana akeake aatali kumuposa. Tinapepesana monga zimayenera, kenako iye anafunsa funso limene nanenso linali litandifika kale pakhosi.

"Koma aphunzitsi, a Dorika akafika kumaliroko? Ndipo akakafika, akatukwana?"

Mlendo atamva funso limeneli angati anthu a ku Zomba tilibe mwambo. Koma a Dorika anali msuweni wa a Mulewa, mwana wa malume awo, ndipo kwathu kuno msuweni ndi munthu amene ali ndi ufulu wokunyoza kuyambira uli moyo mpaka tsiku lokuika m'manda. Amakutchula kuti mwamuna wanga kapena mkazi wanga, amatha kukutengera nkhuku pakhomo iwe ukuona, ndipo sukwiya. Ukakwiya, wopusa ndiwe. Chimene chinatidetsa nkhawa n'chakuti panali patapita zaka zambiri a Dorika asanawanyoze a Mulewa ngakhale kamodzi, ndipo tonse a pabwalo la basiketibolo la ku Chikanda tinkadziwa tsiku limene zinayambira.

A Mulewa anali kalipentala. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba ku Chikamveka, ndipo mabenchi ambiri a m'matchalitchi a kumeneko anatuluka m'manja mwawo. Koma mukanafunsa mutauni kuti a Mulewa ndi ati, palibe akanatchula mabenchi. Akanati ndi aja oyimbira basiketibolo, aafupi, a dazi, oyenda pang'onopang'ono ngati akuopa kuponda mazira. Masewerawa anawadziwira pasukulu ya mishoni ali mnyamata, ndipo ankavomera okha kuti kusewera kunawakana. Msinkhu unawamana, ndiye tsiku lina mphunzitsi anawapatsa wezulo poti panalibe wina woti ayimbire, basi n'kukhala momwemo. Matabwa aja amene mkombero woponyeramo mpira umamangiriridwapo, onse awiri a pabwalo lathu, anakhoma ndi iwo.

Ine ndinayimbira nawo limodzi kwa nthawi yaitali. Masewerawa tinkayimbira anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, choncho ndinawaonera kwambiri kuchokera kutsidya kwa bwalo. Dzina langa sindikumbuka kuti analitchulapo. Ndinali Aphunzitsi basi, poti ndiyo inali ntchito yanga m'kati mwa sabata.

Chimene ndinkachita nacho chidwi, ndipo mpaka lero sindinachimvetse chonse, ndi mmene ankachitira ndi makochi. Mu basiketibolo muli mafaulo a thupi, monga kukankha, kukoka malaya, kumenya dzanja la woponya. Amenewo ngakhale wogulitsa nzimbe kumpanda amawaona. Ndiye pali faulo ya khalidwe, imene timati tekiniko. Imeneyi imagwera munthu chifukwa cha pakamwa pake kapena mwano wake, ndipo imatha kugwera kochi amene sanakhudze n'komwe mpira. Woyimbira amaliza wezulo, n'kupanga chilembo cha T ndi manja, timu inayo n'kupatsidwa mwayi woponya popanda wotchinga. Kochi akalandira ziwiri amachoka, osaonekanso mpaka masewera atatha. Buku la malamulo limanena zolakwazo, koma silinena kuti mawu afike pati kuti akhale mwano. Pamenepo amatsala woyimbira yekha ndi makutu ake.

Ine ndili watsopano ndinkafulumira nayo tekiniko, kochi akangotsokomola molakwika. A Mulewa ankandiyang'ana chabe, kenako popuma n'kundiuza kuti kochi ali ngati kholo limene mwana wake ali m'chipatala, liyenera kubuula. Ankati wokalipira mpira msiyeni, wokalipira nsapato zake kapena mitambo msiyeninso, ndipo wofunsa funso mwaulemu muyankheni ngakhale yankho lisamukomere. Amene ankamuwerengera ndi uja wofuna kuti ana a m'bwalomo aone woyimbira ngati chitsiru, chifukwa ana akangoona choncho, chotsatira ndi zigongono ndi magazi.

Ngakhale ameneyo sankamuthamangira. Poyamba ankangomuyang'ana. Akapitiriza, ankamukwezera chikhatho. Akapitirizabe, ankadikira mpira uime, n'kudutsa pafupi ndi benchi ngati akupita kwina, n'kunena motsitsa, anthu osamva: "Akochi, ndamva." Makochi a mu Zomba ankawadziwa mawu awiri amenewa kuposa Atate Wathu. Ambiri ankakhala pansi pomwepo n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zomangidwa kale.

Analinso ndi chizolowezi china chimene ndinachizindikira mochedwa. Munthu akawapsetsa mtima, ankalavula wezulo kuti ilendewere pachingwe chake pachifuwa. Kenako ankaifufuza ndi dzanja, osafulumira, n'kuibwezera pakamwa. Nditawafunsa anati mkwiyo sudikira, ndiye ngati wafika poitola wezuloyo ukufunabe kuyimba, ndiye kuti akuyimba ndi lamulo osati iweyo. Nthawi zambiri ankaibwezera pakamwa masewera n'kumapitirira. Koma akaimba, sankamuyang'ananso kochiyo. Ankapita patebulo la olemba zigoli, n'kunena mwakachetechete, kenako n'kundikodola kuti tisinthane mbali. "Aphunzitsi, bwerani mukhale kuno kwa odwala." Ankati munthu ukamulanga umupatse malo oti achitire manyazi ake payekha.

Mikangano sinkasowa. Kochi wina wa timu ya anyamata, munthu wa mawu ngati bingu, anakhala miyezi osawalankhula chifukwa anamulembera tekiniko pamene mnyamata wa pabenchi pake anaponya botolo m'bwalo. Anakuwa kuti iye sanaponye kanthu, manja ake anali m'thumba. A Mulewa anangoti lamulo likuti zolakwa za pabenchi zimagwera kochi, ndipo makolo athu analidziwa kale lamulo limeneli, paja nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Ndi yemweyonso amene anabweretsa nkhani ya mbawa. Buku limati kochi wochotsedwa apite m'chipinda chovalira, koma ife bwalo lathu ndi la panja, chipinda chovalira ndi kuseri kwa mpanda wa maluwa. Kochiyu atachotsedwa koyamba anangoima kumpandako n'kumalangiza anyamata ake ngati palibe chachitika. Ndiye a Mulewa analamula kuti wochotsedwa aliyense azikakhala kuseri kwa mtengo wa mbawa umene uli chapatali, kufupi ndi njira yotsikira m'misika ya Chikanda. Ulendo wachiwiri bamboyo anapita kumbawako ndithu, koma anakwera mumtengomo. A Mulewa anaimitsa masewera, anakhala pansi pakati pa bwalo, n'kudikira mpaka munthu wamkulu ndi mimba yake atatsika anthu akuseka. Kuyambira pamenepo mawu oti kumbawa analowa m'chilankhulo chathu, moti ngakhale amayi ena ankaopseza nawo amuna awo kunyumba.

Munthu mmodzi yekha ndi amene malamulo onsewa ankamulambalala, a Dorika. Iwo anali mphunzitsi wa pulayimale, mayi wamtali, wovala chitenje pamwamba pa thalauza la masewera. Timu yawo ya atsikana anaiyambitsa okha, kutola ana m'makwalala a Chikanda, ena akugulitsa mandasi, ena akulera azibale awo, n'kumakakambirana ndi makolo khomo ndi khomo. Atsikanawo ankawaopa ndi kuwakonda mofanana. Ndipo a Mulewa akamayimbira masewera awo, anthu ankabwera kudzaonera zinthu ziwiri, mpira ndi chisuweni.

"Amuna anga, kodi maso mwawasiya pashedi?"

Anthu kuseka. A Mulewa nkhope gwa, ngati sanamve.

"Yimbani bwino, apo ayi madzulo ano mugona ndi njala. Kalongonda ndakuphikirani uja ndipatsa agalu."

Popuma a Mulewa ankabwezera akumwa madzi: "Mkazi wanga, ukanakhala kuti umaphunzitsa ana ngati mmene umalongololera, bwenzi tili ndi chikho." A Dorika n'kuwalanda botolo la madzilo n'kumwa okha. Tsiku lina anawatengera nsapato zatsopano zoyimbirira n'kukapatsa mtsikana wa mapazi aakulu, a Mulewa n'kuyimbira atavala nsapato za kutchalitchi. Akazi awo enieni a a Mulewa, mayi ofatsa kwambiri, ankangoseka n'kumati akazi aakulu alankhula.

Makochi ena ankang'ung'udza. Uja wokwera mumtengo ananenapo kuti iye cholakwa chake n'chakuti anabadwa kwa malume olakwika. A Mulewa ankayankha kuti amene akulankhulayo si kochi koma msuweni, ndipo makutu awo a woyimbira samva za kumudzi. Ndinkaona kuti yankholi likutsimphina, koma ndinkaseka nawo limodzi ndi anthu onse. Komanso kunena zoona, a Dorika sanandinyozepo ine kapena woyimbira wina aliyense, ndipo a Mulewa sanawakonderepo atsikana awo ngakhale pang'ono. Mwina ankawaumira mtima kuposa ena.

Tsiku limene zinasintha linali la mwezi wotentha, mitengo ya jakaranda itachita maluwa, fumbi lili kobo. Atsikana a a Dorika ankasewera ndi timu ya ku Blantyre, ndipo wopambana ndiye ankapita ku mpikisano waukulu ku Lilongwe. Ambiri mwa ana amenewo anali asanadutsepo Liwonde. Woyimbira amene ankayenera kuchokera kwina sanafike, ndiye panatsala ine ndi a Mulewa. Iwo anapita okha kwa kochi wa alendowo, mnyamata waudongo wovala jekete padzuwa lonselo, n'kumuuza kuti kochi winayo ndi m'bale wawo, ngati sakufuna anene. Mnyamatayo anati mbiri ya a Mulewa anaimva kale, ayimbire.

Masewera asanafike pakati, mnyamata wa jeketeyo anayamba kudumphadumpha. Anayang'anidwa, anakwezeredwa chikhatho, anauzidwa kuti ndamva. Iye mawuwo sankawadziwa kulemera kwake. Mpira wotsatira anatambasula manja n'kukuwa kuti, "Refa, mwagona kodi?" A Mulewa anaimba, T, ndipo palibe akanatsutsa. Mnyamatayo anakhala pansi.

A Dorika tsiku limenelo anali chete, mantha a masewera atawagwira. Koma m'chigawo chomaliza, zigoli zikungosinthana, a Mulewa anaimbira mtsikana wawo wodalirika kuti wayenda mpira uli m'manja, zimene lamulo limaletsa. Anayendadi, ndinaona nanenso. A Dorika ananyamuka.

"Amuna anga, dazilo lafika m'maso tsopano? Mwakalamba inu, kagoneni, wezuloyo mupatse mwana."

Bwalo lonse linaseka monga mwa masiku onse. Amene sanaseke ndi mnyamata wa jekete. Anaimirira pang'onopang'ono, sanakuwe, sanaloze chala. Anangoti, kuseka kuja kutatsika, ndi mawu aulemu amene tonse tinawamva: "Bambo, nanga awo?"

Ndinali kutsidya, ndipo ndinaona wezulo ikugwa pakamwa pa a Mulewa n'kulendewera. Ndinaona dzanja likuifufuza pachifuwa. Linatenga nthawi kuposa masiku onse, moti ndinaganiza kuti aisiya. Anaitola, anaimba, n'kupanga T atayang'ana benchi la a Dorika.

A Dorika anaseka. Apa m'pamene panagona nkhani yonse, ndipo ndakhala ndikuiganizira kwa zaka. Iwo sanaone chilango. Anaona msuweni wawo akubwezera nthabwala, nthabwala yabwino kuposa zonse zimene anawachitirapo, pamaso pa alendo. Ndiye anachita zimene msuweni aliyense akanachita, kuonjezera. Analowa m'bwalo akuseka, chitenje chili pephepephe, anafika pamene panali a Mulewa n'kuwasisita padazi.

"Lero mwandipeza, amuna anga. Mwaphunzira kuti zimenezi?"

Kochi kulowa m'bwalo popanda chilolezo ndi mlandu. Kugwira woyimbira ndi mlandu wina waukulu. Ulendo uno a Mulewa sanalavule wezulo. Anaimba kachiwiri.

"Akochi, kumbawa."

Kuseka kunazima. A Dorika anatsitsa dzanja lawo.

"Mwati ndani?"

"Akochi."

A Dorika anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anatembenuka, anatola chikwama chawo pabenchi, n'kuyenda kupita kumbawa osacheuka. A Mulewa anapita patebulo, ananena zoyenera kunena, koma sanandikodole kuti tisinthane mbali, poti pabenchipo panalibenso wodwala. Malamulo a nthawi imeneyo ankapereka mwayi woponya kawiri pa tekiniko iliyonse, ndiye alendowo anaponya kanayi, mpira n'kukhalanso wawo. Atsikana a ku Chikanda anasewera mphindi zotsalazo akulira, akuyang'anayang'ana kumtengo. Anagonja ndi zigoli zochepa, zosaposa zimene zinalowa pa kuponya kuja.

Nkhaniyi inafika kumudzi kwawo ku Jali ife tisanachotse n'komwe maukonde pamikombero. Akuluakulu a kumeneko za tekiniko sankazidziwa ndipo sankafuna kuzidziwa. Chimene anamva n'chakuti Mulewa wakwiya ndi nthabwala ya msuweni wake mpaka kumuthamangitsa pagulu, chinthu chosamveka chiyambire. Anawauza kuti akapepese. A Mulewa anagwira tambala wamkulu n'kupita naye kwa a Dorika. Anandifotokozera okha zimene zinachitika. A Dorika anatuluka, anagwada, analandira tambalayo ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, bambo Mulewa. Mwayenda bwanji?" Anawayalira mpando wabwino, anawapatsa tiyi m'kapu ya alendo.

Chilango chawo chinali chimenecho, ulemu. Sindinaonepo munthu akumenyedwa ndi ulemu ngati mmene anamenyedwera a Mulewa. Akakumana pamsewu a Dorika ankapatuka, n'kupinda mawondo, n'kufunsa za amayi kunyumba. Pabwalo ankakhala atapinda manja, ndipo masewera akatha ankabwera kudzagwira chanza: "Mwayimbira bwino, bambo." A Mulewa ankayesetsa kuwaputa. Ankati mkazi wanga wanenepa, ankati atsikana ako akuthamanga ngati abakha. Yankho linali limodzi: "Zikomo, bambo, tiyesetsa." Mpaka anafika posiya dala nsapato zawo pafupi ndi benchi la a Dorika, n'kukazipeza zitaikidwa bwinobwino pamthunzi. Zinkandimvetsa chisoni, ngakhale nthawi zina ndinkalephera kudziletsa kuseka.

Ndinafuna kumva mbali ya a Dorika, ndiye tsiku lina ndinawafunsa ngati sakuona kuti zakwana. Anandiyang'ana ngati mwana wa sitandade wani.

"Aphunzitsi, inu mukuganiza kuti ndinakwiya ndi ka T kaja? Lamulo ndimalidziwa, ndinalakwa. Ana aja anataya Lilongwe chifukwa cha pakamwa panga, ndipo wina mwa iwo chaka chotsatira anakwatiwa, mpira n'kuthera pomwepo. Zimenezo ndimagona nazo ndine. Koma munthu uja tinakulira limodzi, ndinkamubereka kumsana ine. Akanandiuza kunyumba kuti Dorika, pabwalo usamatero, ndikanamva. Anandisiya zaka zonsezo ndikuvina, n'kudzandisandutsa mlendo pamaso pa alendo. Akuti akochi. Chabwino, ndine akochi."

A Mulewa anali ndi chizolowezi chokwera phiri Loweruka lopanda masewera. Ankati akukaona ocheka matabwa, koma ndikuganiza kuti ankasunga miyendo, poti ankaopa tsiku limene ana adzawasiye m'mbuyo pabwalo. Ulendo wina, atayamba kale kufooka, ndinapita nawo. Tinakwera ndi njira za m'nkhalango ya paini mpaka ku Mulunguzi, tinakhala pamwala pafupi ndi madzi tikudya mapichesi amene tinagula kwa amayi a m'mbali mwa msewu. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinali nditadekha zaka zokwanira, ndiye ndinawafunsa ngati akanaimbanso tekiniko ija zitabwereranso.

Anati akanaimba, zonse ziwiri. Mnyamata wa jekete uja anafunsa funso loona, ndipo ana a mbali zonse ankadikira kuti aone ngati lamulo lili ndi msuweni. Koma anati mlandu unali wawo, osati wa a Dorika. Mmera m'poyamba. Tekiniko imeneyo ankayenera kuipereka kalekale, pa masewera achibwana opanda chikho, a Dorika akanakalipa sabata imodzi n'kuiwala. Kapena akanadutsa pabenchi n'kunena kuti ndamva, monga ankachitira ndi wina aliyense. Makochi onse a mu Zomba anawapatsa mwayi wa chenjezo, kupatula munthu mmodzi amene ankamukonda kuposa onse.

"Nthabwala zija zinkandikomera, Aphunzitsi. Mzere uja ndinaufufuta ndine, tsiku loipa n'kudzaujambula pamapazi pake."

Ndinawafunsa chifukwa chake osakawauza a Dorika mawu omwewo.

"Ndinamuuza. Anati zikomo bambo."

Anataya njere ya pichesi m'madzi. Kenako ananena chimene chinkawadya. Anati imfa sakuiopa, matabwa a bokosi lawo anasankha kale ndipo ali pashedi. Chimene ankaopa ndi maliro aulemu okhaokha, a nyimbo ndi maulaliki, opanda wowanyoza. Asuweni ena onse anali atatha, anatsala a Dorika okha. Anati munthu woikidwa popanda msuweni womuseka amapita ngati mlendo wofera pasiteji ya basi.

N'chifukwa chake tonse tinapita ku Chikamveka tsiku la maliro tili ndi funso limodzi. Oyimbira tinavala malaya athu otuwa. Atsikana akale a a Dorika anabwera ambiri, ena ndi ana kumsana. Uja wokwera mumtengo analiponso, akuyenda ndi ndodo. A Dorika tinawapeza atafika kale, atakhala pakati pa amayi, mpango wakuda kumutu, maso pansi. Kwaya inaimba, abusa analalikira, a mpingo analankhula za mabenchi, ine ndinalankhula za wezulo. A Dorika osasuntha. Ndinayamba kuvomereza mumtima kuti a Mulewa apita ngati mlendo, ndipo zinandiwawa.

Bokosi analitulutsa pabwalo la nyumba, anyamata anaima m'mbali kuti anyamule. Pamenepo ndinaona kuti pamalo pa a Dorika palibe munthu. Anatulukira pakhomo la nyumba atavala malaya otuwa a a Mulewa pamwamba pa diresi, mabatani osakumana, wezulo ili pakamwa. Ankayenda pang'onopang'ono, kuopa kuponda mazira, mapewa atakwera, ndendende mwini wake. Wina anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa. Anafika kumutu kwa bokosi, anaima, analavula wezulo kuti ilendewere. Anaifufuza pachifuwa ndi dzanja, osafulumira. Ife a pabwalo amene tinkachidziwa chizolowezicho tinalephera kupirira, tinaseka misozi ikutsika.

Anaimba, n'kupanga T.

"Amuna anga, ndani wakulolani kutuluka m'bwalo masewera asanathe? Kufupika konseku, bokosi lake lalitali chonchi mukufuna mukanamize ndani kumeneko? Kalipentala wanji wolephera kudziyeza yekha?"

Amayi anaseka, ngakhale anamfedwa anaseka atabisa nkhope m'chitenje. A Dorika anawerama n'kusisita bokosilo kumutu, pamene panayang'anizana ndi dazi, monga anachitira tsiku lija. Mawu awo anatsika.

"Basi, Mulewa, kumbawa. Ukandidikire komweko. Ndipo usakwere mumtengo."

Anyamata ananyamula. A Dorika anakhala pansi padothi pomwepo, malaya otuwa ali m'thupi, n'kulira mokweza ngati kamtsikana, ndipo atsikana awo akale ndi amene anawadzutsa.

Loweruka lapitali ndinadutsa pabwalo. Matabwa a a Mulewa akadalipo, utoto ukusupuka m'makona, ndipo sindikudziwa adzakhome ena ndani. Pamtengo wa patebulo la olemba zigoli pali msomali umene a Mulewa ankakolekapo jekete yawo. Palibe amene amaugwiritsa ntchito, mwina ana a masiku ano sauona n'komwe. Akuyimbira ndi anyamata awiri amene tinawaphunzitsa, achangu, othamanga bwino, ofulumira ndi tekiniko ngati ine kale. Mbawa ija yakula, ndipo pansi pake pali mayi wogulitsa chinangwa chokazinga amene sadziwa kuti wakhala m'ndende.

A Dorika anapuma pa ukochi, koma amabwerabe, amakhala kumapeto kwa benchi ndi wezulo ija m'khosi, pansi pa bulauzi. Tsiku limenelo, m'chigawo chomaliza, mmodzi wa anyamata oyimbira aja anaimba molakwika, zoonekeratu. A Dorika ananyamuka, anakoka mpweya, ndipo ife akale tonse tinatembenuka kudikira. Anayang'ana kutsidya kwa bwalo, pakona pamene a Mulewa ankakonda kuima manja ali kumbuyo. Panali dzuwa ndi mzere woyera basi. Anakonza chitenje chawo n'kukhala pansi, mpira n'kumapitirira.